Mpira wa ganyu: osewera basketball amene chikwama chawo sichimasulidwa

Mwana wa mlongo wanga ndi wamtali moti tsiku la msika pa Lizulu mumayamba kuona mutu wake musanatsike minibasi. Ali Fomu 3. Basketball amasewera pa bwalo la simenti long'aluka pakati, ring'i imodzi inawerama ngati ikupereka moni kwa apongozi, ndipo ukonde unatha kalekale. Za NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, amazionera pa foni kukacha, chifukwa masewerowo akamachitika ku America kuno kumakhala kuli usiku, tambala woyamba asanalire.

Tsiku lina tikutong'ola chimanga pakhonde pa agogo ake, anandilozetsa foni kumaso. "Amalume, taonani uyu. Akuti wasewera matimu 13. Ndiye kuti ndi dolo moti aliyense amamufuna, kapena ndi mbola moti aliyense amamuthamangitsa?"

Amanena Ish Smith, munthu wamfupi ndithu pa muyeso wa masewerawa, mamita 1.83. Atamaliza koleji ya Wake Forest mu 2010 palibe timu imene inamusankha pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu a NBA amasankhirapo osewera achinyamata. Analowera pawindo ku Houston, ndipo kuchokera pamenepo unali ulendo basi: Memphis, Golden State, Orlando, Milwaukee, Phoenix, Oklahoma City, Philadelphia, New Orleans, Detroit, Washington, Charlotte, mpaka Denver kumene anatenga nawo chikho mu 2023. Pofika nthawi imeneyo panalibe wina amene anavalapo yunifomu za matimu ochuluka chonchi m'mbiri yonse ya ligiyo.

Azungu munthu wotere amamutcha journeyman. Kalelo mawuwa ankanena mmisiri amene wamaliza kuphunzira ntchito koma alibe shopu yakeyake, ndiye amagwira kwa eni n'kumalipidwa pa tsiku. Ife tingoti waganyu, koma waganyu wa luso, ngati bilidala amene lero akumanga pa Biriwiri, mwezi wamawa ali ku Tsangano, chaka chamawa wawolokera ku Angonia. Abambo anga, amene anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni ali mnyamata, anamvetsera ndikufotokoza zimenezi, kenako anataya chitsononkho n'kunena kuti, "Imeneyotu ndi Theba." Sanaphonye kwenikweni.

Kuti funso la mnyamatayo liyankhike, tiyambe ndi kuwerenga mipando. NBA ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imasunga osewera 15 a kontirakiti yonse. Mipando 450, dziko lonse lapansi likuikanganirana. Chaka chilichonse pa draft amasankha achinyamata pafupifupi 60 okha, ndipo ambiri mwa osankhidwa mu raundi yachiwiri sakhalitsa. Mwa anyamata osewera m'makoleji a ku America, amene amafika posankhidwa ndi pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Ndiye munthu amene wakhala mu NBA zaka zoposa khumi, ngakhale akungosinthidwa ngati malaya, musamuyese mbola. Atabwera ku Lilongwe akhoza kumwetsa yekha mapointi oposa a timu yonse.

Koma si iye amene timu imamangirapo nyumba. Timu imazungulira pa akatswiri awiri kapena atatu, amene amadya gawo lalikulu la ndalama za malipiro. Otsalawo ntchito yawo ndi kutseka mipata: katswiri akavulala, akatopa, akachita mafaulo ambiri. Waganyu wabwino ndi amene mungamuitane Lachinayi, Loweruka n'kukhala ataloweza kale mmene timu imasewerera, osadandaula kuti wapatsidwa mphindi 12 zokha, osayambanitsa anthu m'chipinda chovalira. Munthu wotere timu iliyonse imamufuna, koma palibe timu imene ingalire akachoka. Ndipo poti ku NBA matimu akamasinthana osewera malipiro a mbali ziwirizo amayenera kuyandikana, waganyuyu nthawi zambiri amangoponyedwapo kuti masamu akwane, monga mayi wa tomato amakuikirani basera. Samufunsa n'komwe. Amangolandira foni yoti mawa mmawa ukwere ndege.

Pansi pa NBA pali ligi yosulira osewera, G League, imene inayamba mu 2001 ndi dzina lina. Kumeneko malipiro a sizoni yonse akhala ali m'dera la madola 40,000 m'zaka zapitazi. Mukawerengera m'makwacha mudzati ndi chuma, koma ku America ndi ndalama ya munthu wamba, ndipo ndi kadontho poyerekeza ndi malipiro otsikitsitsa a mu NBA, amene amapitirira madola 1 miliyoni pa chaka. Chimene chimasunga anthu mu G League ndi kudikira foni. Kuyambira pa 5 January chaka chilichonse matimu a NBA amaloledwa kupereka kontirakiti ya masiku 10. Inde, masiku 10. Timu imodzi ikhoza kukupatsa kontirakiti yotere kawiri pa sizoni. Ikatero iyenera kusankha, kukusunga mpaka sizoni ithe kapena kukuuza kuti zikomo, pitani bwino. Andre Ingram anadikira foni imeneyi zaka khumi, uku akuphunzitsa ana masamu kuti apeze yowonjezera. Inalira mu April 2018, ali ndi zaka 32. Anavala yunifomu ya Los Angeles Lakers, n'kumwetsa mapointi 19 pa gemu yake yoyamba yolimbana ndi Houston. Masiku awiri okha, sizoni n'kutha.

Ambiri sadikira motero. Amanyamula chikwama n'kuwoloka nyanja, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imakoma.

Tengani P.J. Tucker. Toronto inamusankha pa nambala 35 mu 2006, anasewera magemu 17 okha, n'kumuchotsa. Anapita ku Israel, ku timu ya Hapoel Holon, kumene anatenga ligi mu 2008 ndi kusankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse. Mukanayesa kuti akhazikika. Ayi ndithu: Ukraine, kubwereranso ku Israel, Greece, Italy, Puerto Rico, kenako Germany kumene anatenganso ligi ndi Bamberg mu 2012. Zaka zisanu ali m'maiko a eni. Atabwerera ku NBA chaka chomwecho, ku Phoenix, anali munthu wina. Ku Ulaya ankamudalira kumwetsa. Ku America anadziwa kuti ntchito imeneyo ili ndi eni ake, ndiye anasankha ntchito imene ena amaithawa: kumata katswiri wa timu inayo ngati nkhupakupa, kulimbana ndi anthu omuposa msinkhu pansi pa ring'i, ndi kudikira mpira pakona. Mu 2021, ali ndi zaka 36, anatenga chikho cha NBA ndi Milwaukee. Pa gemu imene anatengera chikhocho anasewera mphindi zoposa 30 osamwetsa ngakhale pointi imodzi, ndipo palibe wodziwa masewerawa amene anati wasewera zopusa. Ine ndimaona kuti luso lenileni la waganyu ndi limeneli, kudziwa chimene nyumba iyi ikusowa lero, osati chimene iwe umakonda kuchita.

Kunjako masewera ake ndi omwewo koma si omwewo. Malamulo a FIBA, bungwe loyang'anira basketball padziko lonse, amati gemu ndi mphindi 40, pamene ku NBA ndi 48. Mzere wa mapointi atatu uli mamita 6.75 kuchokera pa ring'i, ku NBA uli 7.24. Mafaulo asanu watuluka, osati asanu ndi limodzi. Ku NBA timu imasewera magemu 82 pa sizoni ndipo kuluza imodzi si maliro. M'maligi ambiri a ku Ulaya gemu ya ligi ndi imodzi pa sabata, masiku enawo ndi mapulakatisi, nthawi zina kawiri pa tsiku, ndipo mukaluza kawiri motsatizana tauni yonse imafuna mutu wa munthu. Mutu woyamba kufunidwa ndi wa mlendo, chifukwa ndiye amalandira zambiri. Kochi amakalipa m'chilankhulo chimene iwe sukumva. Abambo anaseka pamenepa, akuti nawonso sabata yoyamba pansi pa mgodi ankangomva kapitawo akukuwa m'Chifanakalo, iwo n'kumangoyang'ana chimene mnzawo wa pambali akuchita.

Kontirakiti ya kunja kawirikawiri ndi ya sizoni imodzi, miyezi pafupifupi khumi, kuyambira August mpaka May kapena June. Ubwino wake ndi woti ndalama imene yalembedwapo nthawi zambiri ndi yolowa m'thumba, msonkho timu imalipira yokha, ndipo amakupatsa nyumba, tikiti ya ndege, kwinanso galimoto yomatidwa zikwangwani za kampani yothandiza timuyo. Ejenti amene anakupezera malowo amatenga pafupifupi 10 pa 100 iliyonse. Pamwamba penipeni pali matimu a EuroLeague, mpikisano wa matimu akuluakulu a ku Ulaya, monga Real Madrid, Barcelona, Olympiacos, Panathinaikos ndi Fenerbahçe, amene amalipira ngati NBA yaing'ono. China nayo yakhala ikulipira bwino alendo. Koma makwerero ake amatsika kutali, mpaka maligi achiwiri ndi achitatu a m'timatauni tozizira kuposa Dedza mu June, kumene mlendo amalandira yongokwana kudya ndi kutumiza kapang'ono kwawo. Onsewa pa Facebook amaoneka chimodzimodzi: "akusewera ku Ulaya."

Tsono pali zolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono. Makontirakiti ambiri amayamba ndi masabata oyeserera ndi kupimidwa ndi dokotala wa timu. Bondo likamveka phokoso, tikiti yobwerera ili kale patebulo. Ndipo vuto limene osewera oyendayenda amalidziwa onse ndi kuchedwa kwa malipiro. Matimu ambiri a kunja amadalira munthu mmodzi wachuma, kampani imodzi kapena khonsolo ya mzinda. Zinthu zikamuvuta mwini ndalamayo, kapena timu ikaleka kupambana, malipiro a January amabwera mu April, mwinanso osabwera. Kwa eni kulibe mkuwe: ukanyanyala akuti waphwanya kontirakiti, ndipo sungapite kukasewera dziko lina popanda kalata yokumasula imene imadutsira ku FIBA. Pofuna kuchepetsa nkhanza zotere, mu 2007 FIBA inakhazikitsa bwalo loweruza milandu ya malipiro, limene pano limatchedwa Basketball Arbitral Tribunal. Timu ikagonja mlandu n'kukana kulipira, ikhoza kuletsedwa kulemba osewera atsopano. Koma bwaloli limamva mlandu pokhapokha ngati kontirakiti yanu inalemba kuti mikangano idzapita kumeneko, ndipo wodandaula amayamba watulutsa ndalama zake kuti mlandu uyambike. Wosewera wa ligi yaing'ono amene timu yamudyera miyezi iwiri amangowerengera n'kuona kuti bola kungoiwala.

Chinthu chimene chinamudabwitsa kwambiri mnyamata uja si zimenezi ayi, koma nkhani ya pasipoti. Iye anakulira pa Lizulu, pamene msewu wa M1 ndiwo malire: kabichi yemweyo, mbatata yomweyo, koma ukadumpha tala uli ku Mozambique ndipo malamulo asintha. Mu basketball ndi momwemo. Pafupifupi ligi iliyonse imaika malire pa chiwerengero cha alendo. Ligi ya ku Spain, mwachitsanzo, imalola osewera awiri okha ochokera kunja kwa Ulaya pa timu, ndipo mipando iwiri imeneyo Amereka mazanamazana amaikanganirana. Chigamulo cha khoti pa mlandu wa Bosman mu 1995, chimene chinachokera ku mpira wa miyendo, chinachititsa kuti nzika za maiko a European Union zisamawerengedwe ngati alendo m'maiko anzawo. Kenako panabwera pangano la Cotonou, limene linasainidwa ku Benin mu 2000 pakati pa European Union ndi maiko a mu Africa, Caribbean ndi Pacific. Linali pangano la malonda ndi chitukuko, koma munali ndime yoletsa kusala anthu a maikowa amene akugwira ntchito movomerezeka ku Ulaya. Zotsatira zake, m'maligi ena monga a ku Spain, wosewera wa pasipoti ya dziko la m'panganoli sadya mpando wa mlendo. Mpaka lero maejenti amangoti "uyu ndi Cotonou," ndipo mtengo wake umakwera. Malawi ali m'gulu la maiko amenewa. Ndiye osewera awiri a luso lofanana, wina wa ku Chicago wina wa ku Ntcheu, pa pepala wa ku Ntcheu ndiye wosavuta kumulemba ntchito. Mnyamatayo anaseka osakhulupirira.

N'chifukwa chake osewera ambiri a ku America amasakasaka pasipoti yachiwiri, ena kudzera mwa makolo kapena agogo, ena popatsidwa ndi dziko limene likufuna kulimbitsa timu yake. FIBA imalola wosewera mmodzi yekha wopatsidwa unzika motere pa timu ya dziko. J.R. Holden wa ku Pittsburgh sanasewerepo mu NBA. Anayambira ku Latvia, kupita ku Belgium, Greece, n'kukafika ku CSKA Moscow, ndipo anapatsidwa unzika wa Russia. Mu 2007, pa fainolo ya chikho cha maiko a ku Ulaya mumzinda wa Madrid, ndiye anaponya mpira womaliza umene unagonjetsa eni bwalo, Spain, 60 kwa 59. Ena amati kumeneko n'kugulitsa mbendera. Ine sindifulumira kuweruza munthu amene kwawo sanamupatse mpando.

Nanga wochokera mbali yathu ino? Chitsanzo chili pafupi, kwa anansi athu a kumpoto. Hasheem Thabeet anabadwira ku Dar es Salaam, ndi wamtali mamita 2.21, ndipo basketball anaiyamba mochedwa, ali kale mnyamata wamkulu. Anakaphunzira ku yunivesite ya Connecticut, ndipo mu 2009 Memphis inamusankha pa nambala 2, patsogolo pa James Harden ndi Stephen Curry, amene anadzakhala akatswiri otchuka a NBA. Nambala imeneyo inasanduka katundu wolemera pamutu pake. Chaka chisanathe anamutsitsira ku ligi yosulira ija, kenako Houston, Portland, Oklahoma City, ndipo pofika 2014 za NBA zinali zitatha. Anakasewera ku Japan, ku Taiwan, mpaka anabwerera kukasewera m'matimu a kwawo ku Tanzania. Ku America dzina lake amalitchula akamakamba za matimu amene anasankha molakwika. Ku Tanzania ndi munthu woyamba wa dzikolo kusewera mu NBA, ndipo akalowa m'bwalo ana amadzadza. Munthu mmodzi yemweyo, mbiri ziwiri, malingana ndi mbali ya msewu imene mwaima.

Kubwerera kwa anthu ngati iye kwayamba kukhala ndi phindu chifukwa cha Basketball Africa League, imene NBA ndi FIBA anayambitsa limodzi. Sizoni yoyamba inachitikira ku Kigali mu May 2021 ndi matimu 12, ndipo Zamalek ya ku Egypt ndiyo inapambana. Kenako US Monastir ya ku Tunisia mu 2022, Al Ahly ya ku Egypt mu 2023, Petro de Luanda ya ku Angola mu 2024. Matimu a Ferroviário a ku Maputo ndi ku Beira asewerako, ndipo Bravehearts ya ku Lilongwe yalowapo m'mipikisano yosankhira matimu opita kumeneko. Kwa waganyu, ligiyi ndi msika watsopano: sizoni yake ndi yaifupi, ndiye timu imalemba alendo angapo kwa masabata ochepa, mpikisano ukatha aliyense n'kuona msewu wake. Wina amachoka ku Kigali kupita ku Puerto Rico kapena Venezuela, kumene maligi amaseweredwa nthawi imene ku Ulaya akupuma, August akakwana ali kale pa ndege ina. Mlendo ndi mame.

Kuno kwathu tisanamizane, basketball sinafike podyetsa munthu ndi banja lake. Maligi a m'zigawo amene ali pansi pa BASMAL, bungwe loyang'anira basketball m'Malawi, amadzala ndi ana asukulu ndi anthu amene masana ali pa ntchito zina. Za uyendayenda wa masewera timazidziwira ku mpira wa miyendo, kwa anthu ngati Esau Kanyenda amene anachoka kuno kupita ku Jomo Cosmos, n'kukafika ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow ku Russia, kubwerera ku Joni ku timu ya Polokwane City, n'kudzamalizira ku Wanderers. Kwa wa basketball, khomo limene limatseguka kawirikawiri ndi la sukulu: kupeza malo ophunzira kunja chifukwa cha masewera, ganyuyo n'kudzabwera pambuyo. Ndinamuuza mnyamatayo mosabisa kuti amene angakuuze kuti tumiza ndalama pa foni kuti akupezere timu ku Ulaya, ameneyo ndi wakuba. Ejenti weniweni amadya pamene iwe wasaina.

Abambo anali ndi funso limodzi lokha, ndipo linali la munthu amene anaonapo anzake akubwera ku Joni ndi chifuwa m'malo mwa njinga. "Nanga akathyoka mwendo, amamusamala ndani?" Zimatengera pepala. Ngati kontirakiti ndi yotsimikizika, timu imayenera kulipira mpaka sizoni ithe. Ngati si yotero, ndi ndege yobwerera basi. Mtsempha wa m'bondo ukaduka umafuna miyezi isanu ndi inayi mpaka chaka kuti munthu abwerere m'bwalo, ndipo kwa munthu wa makontirakiti a chaka chimodzi, chaka chopanda mavidiyo atsopano oti ejenti aonetse matimu chimatsitsa mtengo wake kwambiri. Penshoni ya NBA imayamba kwa amene wakwanitsa zaka zitatu mu ligiyo. Wa masiku 10 apa, masiku 10 apo, mwina sangafikepo. Maligi ambiri a kunja mlendo samusungira kalikonse. Zaka 33 kapena 35 zikakwana mawondo amakana, ndipo munthu amabwerera kwawo ali ndi mapasipoti odzala zidindo, ana amene anakula akumuonera pa foni, ndi maliro angapo a abale amene anawamvera kutali. Ochenjera amakhala atamanga kale kenakake, kapena amalowa ukochi, uejenti, kapena ntchito yosaka osewera, poti amadziwa mabwalo a maiko khumi ndi manambala a foni a anthu a kumeneko.

Mnyamatayo anakhala chete kanthawi, akupukusa chimanga m'manja. Kenako anati, "Komabe amalume, Tucker uja anatenga chikho." Agogo ake sanamutsutse. Anangomuyang'ana kumapazi, kumene chala chachikulu chinali chitaboola kale nsapato, n'kufunsa kuti amavala nambala chani. Akuti 13. Tsiku la msika lotsatira tinazungulira milu yonse ya kaunjika mbali zonse ziwiri za msewu, ya kwacha ndi ya metikali, ndipo yaikulu imene tinapeza inali 11.